Ilala ikaima padoko, ana ali ndi yani?

Abale anga a pamsika, nkhani iyi yakhala ili kukhosi kwanga kuyambira 2023. Ndimachita nayo manyazi poti wolakwa ndine ndemwe. Mukudziwa kale kuti ife atolankhani timathamangira kulemba zolakwa za anzathu, zathu timakwirira ngati mphaka. Koma lero ndati ndiulule basi. Ofuna kuseka, sekani.

Achemwali anga amagulitsa usipa ndi utaka mumsika ku Lilongwe. Alamu anga ali ku Durban. Mwezi umene zayenda amatumiza ndalama, mwezi umene sizinayende amatumiza zithunzi. Tsiku lina anatumiza kavidiyo pa WhatsApp koonetsa chisitima cha MSC chikutuluka padoko la mzindawo. Chinyumba chosanjikizana choyandama, anthu masauzande, damu losambiramo pamwamba penipeni. Sitima zotere sizinyamula matumba ayi, zimanyamula anthu ongopita kokadya ndalama. Zimakawatsitsa ku Portuguese Island kapena ku Pomene m'dziko la Mozambique, ana n'kusewera pamchenga tsiku lonse, kuonera nsomba ndi magalasi a m'madzi, dzuwa likapendeka n'kubwerera m'sitima.

Ana a achemwali alipo atatu. Nthawi imeneyo mtsikana woyamba anali ndi zaka 12, mnyamata zaka 9, kachitsirizira zaka 5. Anaonera kavidiyoko mpaka batire ya foni kutha. Kenaka mnyamata uja anafunsa: "Amayi, kodi ife kuno sitima tilibe?"

"Tili nayo, Ilala. Tsiku lina mudzakwera," anatero achemwali uku akuwunjika usipa pabenchi.

Iwo anangoyankha kuti mwana asiye kusokosa. Koma paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. M'mawa uliwonse funso linali lomwelo, mpaka achemwali anagonja. Sukulu zitatsekera anatenga K400,000 ku banki m'khonde, n'kupikula shuga, sopo, mafuta ophikira ndi kaunjika pang'ono. Pulani inali yokagulitsa zimenezi ku Likoma, kukapikula usipa konko, n'kukatsikira ku Nkhata Bay. Geni ndi tchuthi ulendo umodzi.

"Achimwene, inu poti ntchito yanu ndi yongozungulira ndi kope, tiyeni mukandigwirire ana," anandiuza choncho. Ine kumva ulendo waulere, komanso nkhani yokagulitsa kwa akonzi, ndinavomera mawu asanathe.

Tinakwerera ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa. Amene simunaionepo Ilala, musayembekezere za mu kavidiyo zija. Ndi gogo ameneyu. Anaipanga ku Scotland mu 1949, n'kuibweretsa zidutswazidutswa kudzera padoko la Beira, anaimanganso kunyanja kuno ndipo inayamba ntchito mu 1951. Inabwera patapita zaka zochepa chichitikireni ngozi ya sitima ya Viphya, imene inamira kufupi ndi Chilumba mu Julayi 1946 n'kupha anthu 145. Dzina lakuti Ilala linachokera ku dera la ku Zambia kumene David Livingstone anafera mu 1873. Kutalika kwake ndi mamita 52 okha, koma zimene imameza m'mimba mwake simungakhulupirire: simenti, malata, chimanga, makireti, nkhuku, njinga, ndi ife amene.

Ife tinali pansi, ku ikonome, kumene munthu ndi thumba alibe kusiyana. Titatuluka m'khonde la Monkey Bay n'kufika pakati, kachitsirizira kanandikoka malaya: "Ankolo, mtsinje uwu tsidya lake lili kuti?" Anthu anaseka. Koma mwera utayamba kutiwomba madzulo, kuseka kunatha. Woyamba kusanza ndinali ine. Mnyamata uja ndiye ankandigwirira jumbo.

Loweruka tinaona Likoma. Nthawi imeneyo sitima inkaima chapatali ndi gombe, anthu ndi katundu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Apa m'pamene pamafunika mtima. Aliyense akufuna kutsika woyamba, wina akukupatsira mwana, wina chidebe, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde. Pofika kumtunda mumalumphira m'madzi ofika m'mawondo. Ndinauza anawo kuti ngakhale olemera a m'chisitima chija, akafika ku Portuguese Island amatsikiranso m'timaboti. Anakondwa kumva kuti pa ichi chokha tikufanana nawo.

Kutsitsa ndi kukweza katundu pa Likoma kumatenga maola ambiri, ndipo maola amenewa ndiwo anali tchuthi cha anawo. Achemwali anamanga chitenje m'chiuno n'kupereka malamulo: "Ine ndikupita kwa ogula ndi kwa asodzi. Inu achimwene, ana awa. Sitima ikaliza hutala koyamba, ndikupezeni muli pagombe pano."

Kunena zoona, mpaka masana ntchito ndinaigwira bwino. Tinakwera kamtunda kupita ku Chipyela kumene kuli tchalitchi cha St Peter's cha Anglican. Anayamba kuchimanga mu 1903, anachimaliza mu 1911. Kutalika kwake kukuyandikira bwalo la mpira, pa kachilumba koti munthu wamphamvu akhoza kukayenda kuchokera kumpoto kufika kumwera tsiku lisanathe. Bambo wina wachikulire amene tinamupeza akusesa anatilola kulowa, ndipo anafotokozera anawo kuti malowo amatchedwa Chipyela chifukwa kale ankaotcherapo anthu owaganizira ufiti. Mtsikana wamkulu anangoti kukamwa yasa, poti za amishoni a UMCA ankangoziloweza pokonzekera mayeso, lero akuponda pamene iwo anaponda. Kachitsirizira kankathamangitsa kuwala kwa mitundumitundu kochokera m'mawindo. Mnyamata ankawerenga mapazi ake kuchokera pakhomo kufika kutsogolo, anasokoneza kawiri n'kuyambiranso.

Titatuluka tinakumana ndi milambe. Likoma ndi kwawo kwa milambe, abale. Tinagwirana manja anthu anayi kuti tiuzungulire umodzi, osafika ndi theka lomwe. Ana a pachilumbapo anatiswera malambe, athuwa n'kumatsinya nkhope ndi kuwawasa kwake. Chakudya tinagula kwa mayi wina pafupi ndi msika wa Mbamba: nsima ya kondowole ndi nsomba yongovuulidwa kumene. Kutsidya mapiri a Mozambique akuoneka ngati ungawakhudze, maboti a matanga akuwoloka kupita ku Cobue. Zonsezi, kupatula nsima ndi kangachepe kamene tinasiya kutchalitchi, sitinalipire ndi tambala yomwe.

Tsoka linayamba pamene ndinakumbukira kuti ndine mtolankhani. Pansi pa mtengo wina panali asodzi akusoka ukonde, ena akusewera bawo. Ndinalonjera, nkhani n'kuyamba: kukwera mtengo kwa mafuta a injini, kuchepa kwa nsomba, nyali zowedzera usipa usiku. Ndinatulutsa kope. Ndinauza mtsikana wamkulu kuti ayang'anire azing'ono ake, pamene iye anali atabereka kale kachitsirizira kali mtulo. Ndinati mphindi khumi zokha. Wina anandigulira kabotolo kozizira, ine n'kubwezera. Mphindi khumi zija zinabala ana ndi zidzukulu.

Ndiye hutala inalira.

"Ankolo, ujatu sindikumuona."

Poyamba sindinade nkhawa. Ndinati ali kuseri kwa mlambe. Kunalibe. Kumsika kunalibe. Ndinathamanga kubwerera ku Chipyela, bambo wosesa uja anapukusa mutu. Potsika kamtunda kaja maso anga anagwera panyanja, ndipo m'mimba munatentha. Mwana wa ku Lilongwe, wosadziwa kusambira, amene madzi akuya amene ankawadziwa ndi a m'bafa. Pagombe panali ana ambirimbiri akudumphira m'madzi. Ndinayang'ana mutu uliwonse, kuitana dzina lake mpaka mawu kusasa. Nyanja imeneyi malo ena ndi yakuya mamita 700. Nambala imeneyi ndinailoweza ku sekondale, ndipo tsiku limenelo inkangolira m'mutu mwanga.

Achemwali anatipeza tili choncho. Anaona nkhope yanga, anawerenga ana, anapeza awiri. Ndinkayembekeza kuti akuwa kapena kundimenya, ndipo bola akanatero. Anangonena motsitsa mawu: "Achimwene, ndinakupatsani ntchito imodzi."

Inu a geni mumvetsa bwino pamene tinaima. Matumba 6 a usipa, mpamba wonse wa ngongole pamodzi ndi phindu la shuga ndi kaunjika, anali atapita kale kusitima. Sitima ikanyamuka, ikafika nawo ku Nkhata Bay opanda mwini, ndipo ife tidikira mpaka Lachiwiri pamene imadzadutsanso pobwerera kumwera. Amayi a banki m'khonde sadziwa za mwera kapena za mwana wosowa, amadziwa tsiku lobweza basi. Mayi wina anati mmodzi wa ife akwere, wina atsale. Achemwali anakana: "Usipa upite. Ine sindiponda m'boti popanda mwana wanga."

Apa ndiyenera kuvula chipewa kwa amayi a geni. Anthu oti sitikuwadziwa, ena akuyankhula Chitonga, ena Chinyanja cha pachilumbapo, anatula madengu awo n'kumwazikana. Wina kumsika, wina kumiyala, wina kukafunsa eni mabwato. Nawonso anali ndi katundu wawo m'sitima, nawonso akanatha kutsala. Hutala inaliranso kachiwiri. Miyendo yanga inali itasanduka phala.

Amene anatipulumutsa ndi mnyamata wina wonyamula katundu, thukuta lili kamukamu. "Mukufuna kamnyamata kovala jezi yofiira ya Bullets? Kapitatu kalekale ndi boti la matumba. Ine ndimayesa mayi ake ali momwemo."

Tinakwera boti lomaliza. Achemwali sanayankhule njira yonse. Titalowa m'sitima tinapanikizana ndi anthu mpaka kumene kunaunjikidwa katundu. Ndipo uyo, wakhala pamwamba pa matumba, miyendo ili lendelende, dzanja lagwira kansalu kobiriwira kamene achemwali amamangirira pa thumba lawo lililonse ngati chizindikiro.

"Amayi, munachedwatu. Ndawerenga, alipo 6. Paja mumati katundu sasiyidwa yekha."

Zimene zinachitika n'zakuti iye atatopa ndi nkhani zanga za mafuta a injini, anatsetserekera kugombe kukaona maboti. Anapeza anyamata akukweza matumba a kansalu kobiriwira, mayi ake atabwerera kukatenga ndalama kwa wogula wina. Anaona kuti katundu akupita wopanda mwini, ndiye analowa pakati pa ana a mayi wina n'kukhala pathumba.

Achemwali anakweza dzanja kuti amuwombe khofi. Dzanja linaima m'malere. Anakhala pansi pomwepo, pakati pa madengu ndi nkhuku, n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Mwanayo anadabwa zedi. Iye ankayembekeza kuyamikiridwa.

Usiku umenewo, titadutsa Chizumulu, tulo sitinabwere. Panyanja panali nyali za asodzi a usipa, mzere wautali ngati tauni yoyandama. Achemwali anandipeza nditatsamira chitsulo. Ndinayamba kupepesa koma anandidula.

"Zanuzo tikambirana kunyumba. Chikundiwawa ine n'china. Mwana ndamubweretsa kuti adzasewere, iye akukalondera matumba. Ndamuphunzitsa ndine zimenezi."

Mawu amenewa sanandichoke mpaka lero. Taonani ana athu a pamsika. Wa zaka 9 amadziwa mtengo wa mulu, amadziwa kubweza chenji, amadziwa kasitomala wofuna kuba ndi maso okha, amadziwa kunyamula lichero n'kuthawa zikavuta. Timanyadira, timati ndi wochenjera, adzatithandiza. N'zoona, ndipo palibe angatiweruze, poti sukulu fizi imachokera pabenchi pomwepo. Koma mwana yemweyu mukamuika pamchenga n'kumuuza kuti sewera, amayang'ana uku ndi uku kufuna choti agwire. Kusewera nakonso n'kophunzira, ndipo ife nthawi yowaphunzitsa timaisowa.

Tinafika ku Nkhata Bay Lamulungu kusanache.  Pulani inali yogwira minibasi yoyamba kuti Lolemba m'mawa usipa ukhale uli pabenchi. Inu mukudziwa kuti wofika msanga ndi katundu watsopano ndiye amatchula mtengo. Koma achemwali anachita zimene sindinawaonepo akuchita. Analipira malo osungira matumba, n'kunena kuti: "Lero kulibe geni. Tikupita ku Chikale."

Chikale ndi gombe la mchenga chakumwera kwa tauniyi, ulendo wa pansi ndithu koma wotheka ndi ana. M'njira mnyamata anafunsa katatu konse: "Amayi, nanga matumba ali ndi yani?" Kachitatuko achemwali anagwada n'kumugwira mapewa: "Matumba ndi anga. Iwe ntchito yako lero ndi kunyowa."

Ananyowadi. Kachitsirizira kanamanga msika wa mchenga, mabenchi ake ndi milu ya timiyala, n'kumatigulitsa. Magazi ndi magazi, abale. Mtsikana wamkulu anaphunzira kukhala pa bwato osagubuduka, bwatolo lili pamadzi ofika m'chiuno, mwini wake ataligwira. Mnyamata anabwereka magalasi a m'madzi kwa mnzake amene anapalana naye ubwenzi pomwepo. Ine nditamugwira lamba wa kabudula, anaviika nkhope pafupi ndi miyala. Anadzuka akukuwa: "Ankolo, nsomba za buluu! Zina zachikasu! Zamoyo!"

Mawu akuti zamoyo anandilasa. Mwana wakulira pa nsomba, amadya nsomba, amaphunzira ndi ndalama za nsomba, koma anali asanaonepo nsomba ikusambira. Zimene anaonazo ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala timene azungu amalipira ndalama zankhaninkhani kudzationa. Ndi chifukwa cha nsomba zoterezi kuti boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Masana tinadya batala wootcha. Tinanyamuka madzulo, Lolemba linatipeza m'njira, ndipo msika wa m'mawa achemwali anauphonya. Anzawo anagulitsa, iwo anayamba Lachiwiri pa mtengo wotsikirapo. Ngongole anabweza, koma phindu linachepa. Sindinawamvepo akudandaula.

Tsono kwa inu amene mukuganiza zotenga ana paulendo wotere, kaya ndi pa Ilala kaya paboti lililonse, nazi zimene ndinaphunzira ndi misozi.

Wogula katundu sangakhalenso woyang'anira ana. Pakhale munthu wamkulu amene ntchito yake ndi ana basi, wopanda kope, wopanda kabotolo. Musasenzetse mwana wa zaka 12 udindo umene wakulemerani inu akuluakulu. Musanatsike funsani ogwira ntchito m'sitima nthawi yonyamukira, ndipo mubwerere kugombe nthawi idakalipo, poti yonyamukira imadalira katundu ndi nyengo. Gwirizanani ndi ana malo amodzi okumanirana, mtengo kapena sitolo yooneka patali, ndipo muwauze momveka kuti palibe kukwera boti popanda inu, ngakhale aone katundu wanu akupita.

M'zisitima zikuluzikulu zija ana amawaveka kachibangili kosonyeza malo amene ayenera kupititsidwa pakagwa zadzidzidzi. Ifenso tingathe: kansalu kolembapo dzina ndi nambala ya foni, kumangirira padzanja. Ngati thumba la usipa timaliika chizindikiro, mwana tingalephere bwanji? Avekeninso zovala zowala. Wathu anapezeka chifukwa cha jezi yofiira.

Pa za madzi, funsani eni dera malo abwino osambira, poti iwo ndiwo amadziwa kumene kumapezeka ng'ona ndi kumene pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi. Mwana wosadziwa kusambira asapitirire m'chiuno, ndipo dzanja lanu likhale pafupi. Pewani madzi odikha a m'mabango ndi m'maudzu, muja mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Matendawa saonekera tsiku lomwelo, amatha milungu. Mukaona mwana akukodza magazi kapena akudandaula m'mimba mutabwerako, thamangirani kuchipatala, mankhwala ake alipo, a praziquantel. Ife tinapita nawo kukayezetsa patatha miyezi iwiri osadikira zizindikiro. Madzi akumwa nyamulani anu kapena thiranimo mankhwala, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nyamulani majuzi ndi majumbo, ndipo funsani kumene kuli majekete oyandamitsa musanakhale pansi.

Chomaliza, patulani maola angapo amene si a geni. Tchalitchi, milambe, mchenga, mbuna, zonsezi n'zathu ndipo zambiri n'zaulere. Chodula ndi nthawi yokha, ndipo ndikudziwa kuti kwa munthu wa pamsika nthawi ndiyo ndalama. Koma mpamba ukagwa umadzukanso, pamene mwana sakhala wa zaka 9 kawiri.

Alamu anga atatumizanso kavidiyo kena ka chisitima chawo chija, mnyamata analanda foni n'kujambula mawu: "Adadi, inu mumangoionera patali. Ife yathu tinakwera."

Achemwali akuti ngongole zikapepuka tidzapitanso, ulendo uno mpaka ku Usisya, Ruarwe ndi Chilumba. Andiuza kuti ine ndidzapita nawo, ndipo ntchito andipezera kale. Ndidzakhala pa matumba. Ana adzayenda nawo okha.